Kantchentche ka pa mango ndi puloteni yosamva moto: ngwazi zosayembekezeka

Disembala akafika ku Salima, mango amachita kusowa wodya. Kuyambira pa Kamuzu Road mpaka kutsetserekera ku Senga Bay, m'mbali mwa msewu mumangoti mbwee mabeseni ndi madengu, ndipo mango amene apsa mopitirira amakathera kuseri kwa benchi. Mukagunda mulu wa makokowo ndi phazi, pamadzuka kamtambo ka tintchentche tating'onoting'ono ta maso ofiira. Tomweto mumatipezanso pa nthochi yoiwalika pawindo, pa chipanda cha masese ndi pa ndowa ya thobwa logonetsa. Palibe amene amatiwerengera.

Asayansi amakatcha kantchentche aka Drosophila melanogaster. Kutalika kwake ndi mamilimita atatu okha. Musakasokoneze ndi nkhungu zimene zimafuka ngati utsi pakati pa nyanja, kapena ndi ntchentche ija imaboola mango ali mumtengo n'kusiyamo mphutsi. Aka sikaononga chipatso chabwino, kamangodikira chimene chayamba kale kusasa. Koma m'malabotale a mayiko akutali, kachilombo konyozekaka ndi kamene kakuthandiza kufufuza gulu la matenda a ubongo ouma mutu kwambiri, otchedwa matenda a prion. Pano tasonkhanitsa mbiri za "kuposa onse" za mbali zonse ziwiri, ya kantchentche ndi ya nthendayo.

Kwawo kwenikweni: kuno kwathu

Lero kantchentche aka kali paliponse pamene pali anthu ndi zipatso, koma kwawo n'kum'mwera kwa Africa kuno. Chamoyo chilichonse chimakhala ndi mitundumitundu yambiri kumene chinachokera, ndipo chikamafalikira kutali chimanyamula kachigawo chabe ka chuma chimenecho. Mu 2012 John Pool ndi anzake atayerekeza tintchentche ta m'mayiko ambiri a mu Africa, anapeza kuti ta ku Siavonga, m'mphepete mwa nyanja ya Kariba ku Zambia, ndi tosiyanasiyana m'magazi kuposa tina tonse. Pofika mu 2015, pa tintchentche 623 timene majini ake onse anali atawerengedwa n'kusungidwa pamodzi, 197 tinali ta ku Siavonga komweko. Ndikati majini sindikunena aja ovutitsa anthu usiku, koma timalangizo ta m'maselo timene mwana amatengera kwa makolo.

Malawi nayenso alimo m'kaundula ameneyu. Pa kafukufuku wina wamkulu amene anatuluka mu 2012, tintchentche togwidwa ku Mwanza ndi timene tinaimira Africa poyerekeza ndi ta ku Raleigh ku America. Kenako mu 2018 gulu la Marcus Stensmyr wa ku yunivesite ya Lund linatipeza tikukhala patokha m'thengo la Matobo ku Zimbabwe, tikudalira zipatso za mfula. M'mapanga a kumeneko, momwe anthu akale a mtundu wa San ankasungira mfula, muli nthangala mamiliyoni. Ofufuzawo akuganiza kuti m'mapangamo ndi momwe kantchentche kanazolowerana ndi munthu, zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, ndipo sikanamusiyenso.

Kachilombo ka mphoto za Nobel zochuluka

Mu 1910, pa yunivesite ya Columbia ku New York, Thomas Hunt Morgan ankaweta tintchentche m'mabotolo a mkaka n'kumatidyetsa nthochi. Tsiku lina anapeza kamodzi kakamuna ka maso oyera pakati pa anzake a maso ofiira. Potsatira ana ndi zidzukulu zake, anasonyeza kuti majini amakhala pa tizingwe ta m'maselo totchedwa makromozomu. Mu 1933 analandira mphoto ya Nobel. Wophunzira wake Hermann Muller analandira yake mu 1946 atasonyeza kuti X-ray imasintha majini. Mu 1995 Edward Lewis, Christiane Nüsslein-Volhard ndi Eric Wieschaus anapatsidwa mphoto chifukwa chofotokoza mmene dzira limadziwira koika mutu ndi koika mchira. Jules Hoffmann anatsatira mu 2011 pa nkhani ya chitetezo cha m'thupi, ndipo mu 2017 Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young anapambana pofotokoza wotchi ya m'thupi imene imatiuza nthawi yogona ndi yodzuka. Palibe kachilombo kena kouluka kamene kanaperekeza anthu ochuluka chonchi ku Stockholm kokalandira mphoto za Nobel.

Chinsinsi chake n'chosavuta. Pa kutentha kwa madigiri 25, dzira limasanduka kantchentche kokhwima m'masiku pafupifupi 10, kakakazi kamodzi kamaikira mazira mahandiredi, ndipo chakudya chake ndi phala la ufa wa chimanga, shuga ndi yisiti. Pamwamba pa izo, pa majini anayi alionse odziwika kuti amakhudzana ndi matenda a anthu, atatu ali ndi abale awo mwa kantchentche.

Nyama yoyamba kufika mlengalenga

Ambiri amatchula galu Laika wa mu 1957 kapena Yuri Gagarin wa mu 1961. Onsewa anapeza tintchentche titapitako kale. Pa 20 February 1947, ku White Sands ku New Mexico, roketi ya V-2 inakwera makilomita 109 itanyamula tintchentche ta pa zipatso. Tinatsika pa parachuti tili moyo.

Mbewu yaumuna yaitali kuposa ya nyama iliyonse

Mbiri iyi si ya njovu kapena namgumi. Ndi ya msuweni wa kantchentche kathu wotchedwa Drosophila bifurca, amene mbewu yake imodzi, mukaitambasula, imafika masentimita 5.8. Kumeneko n'kutalika kuposa mwini wakeyo maulendo pafupifupi 20.

Mapu aakulu a ubongo wathunthu

Ubongo wa kantchentche ndi wochepa kuposa kanjere ka mapira. Mu October 2024, gulu la FlyWire, lotsogozedwa ndi Mala Murthy ndi Sebastian Seung a ku Princeton mothandizana ndi Gregory Jefferis wa ku Cambridge, linatulutsa mapu a ubongo wonse wa kantchentche kakakazi kokhwima. Munali maselo 139,255 ndi mfundo zolumikizira zoposa mamiliyoni 50. Aka kanali koyamba kuti ubongo wa nyama yoyenda, youluka ndi yoona ujambulidwe wonse selo ndi selo. Ubongo wa munthu uli ndi maselo otere pafupifupi mabiliyoni 86, choncho ulendo ukadalipo. Komabe maselo a kantchentche amatumizirana uthenga mofanana ndi athu, ndipo amadwala ndi kufa m'njira zofanana ndi athu. Apa ndi pamene nkhani ya prion ikulowera.

Choyambitsa matenda chachilendo kuposa zonse

Malungo ali ndi kachilombo kake, kolera ali ndi bakiteriya, chikuku chili ndi vairasi. Zonsezi zili ndi majini ndipo zimaswana. Prion ilibe majini ngakhale amodzi. Ndi puloteni chabe, ndipo choziziritsa nkhongono n'chakuti puloteniyo ndi yathu yomwe. Aliyense ali nayo pa maselo a mu ubongo, imatchedwa PrP, ndipo malangizo oipangira ali pa kromozomu nambala 20.

Msodzi amadziwa kuti waya yemweyo akapindidwa bwino ndi mbedza, akapindika molakwika ndi chitsulo chongolasa zala. Puloteni nayonso imagwira ntchito malinga ndi mapindidwe ake. PrP ikapindika molakwika imachita chinthu chimene waya sangachite: ikakhudzana ndi inzake yabwinobwino imaipinda kuti ifanane nayo, iyonso n'kukapinda ina. Akuluakulu a kunyanja anati nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Mapuloteni opindikawo amaunjikana, maselo amafa, ndipo ubongo ukaonedwa pa maikulosikopu umaoneka wa tizibowotizibowo ngati chinkhupule.

Stanley Prusiner wa ku San Francisco ndi amene anapeka dzina loti prion mu 1982. Anzake ambiri anamutsutsa, poti maphunziro onse ankati chopanda majini sichingaswane. Mu 1997 analandira mphoto ya Nobel ali yekha.

Mwa anthu, nthenda yofala ya gulu limeneli ndi Creutzfeldt-Jakob, imene imagwira munthu mmodzi kapena awiri pa miliyoni chaka chilichonse. Boma la Salima linali ndi anthu pafupifupi 480,000 pa kalembera wa 2018, choncho pa mlingo umenewo tinganene za munthu mmodzi pa chaka chimodzi kapena ziwiri. Ambiri imangowayamba yokha atapitirira zaka 60, ena ochepa ndi ya kumtundu. Wodwala amayamba kuiwala mofulumira, kudzandira ndi kunjenjemera, ndipo ambiri satha chaka. Sipatsirana popatsana moni, pokhosomola kapena posamalira wodwala pakhomo. Mankhwala ochiza sanapezeke.

Yosamva moto kuposa zonse

Madzi a m'nyanja tikawawiritsa, tizilombo ta kolera timafa. Prion kuiwiritsa n'kungotaya nkhuni. Mowa wa sipiriti suipha, ndipo mankhwala ambiri otsukira zipangizo za kuchipatala amailephera. Mu 2000, Paul Brown ndi anzake ku America anatentha ubongo wa nyama zodwala pa madigiri 600 mpaka unasanduka phulusa, koma phulusalo linadwalitsabe zina mwa nyama zimene anazibaya nalo. Pa madigiri 1,000 m'pamene mphamvu yake inatheratu. Ku Iceland, ofufuza analemba mu 2006 za khola limene linakhala zaka 16 chichotsereni nkhosa zodwala, koma nkhosa zatsopano zitalowamo nthenda inabukanso. Nthenda ya nkhosayo, yotchedwa scrapie chifukwa nkhosa imadzikhula pa mitengo mpaka ubweya kusosoka, ndi yakale kuposa zonse m'gululi: ku Britain inalembedwa kale mu 1732.

Nthenda yobisala nthawi yaitali kuposa zonse

M'mapiri a ku Papua New Guinea muli anthu a mtundu wa Fore. Cha m'ma 1950 nthenda yotchedwa kuru, kutanthauza kunjenjemera, inkapha anthu pafupifupi 200 pachaka, makamaka amayi ndi ana. Midzi ina inatsala ndi amayi ochepa kwambiri. Eni ake ankakhulupirira kuti ndi ufiti, ndipo amuna ambiri oganiziridwa kuti ndiwo akulodza anaphedwa. Nthenda sinasiye.

Madokotala Vincent Zigas ndi Carleton Gajdusek anayamba kuifufuza mu 1957. Pambuyo pake Shirley Lindenbaum, Robert Glasse ndi Michael Alpers, amene anakhala nthawi yaitali m'midzimo akumvetsera anthu, anathandiza kupeza gwero lake. Pa mwambo wa maliro, achibale ankadya thupi la womwalirayo posonyeza chikondi ndi ulemu, ndipo ubongo unkagawidwa kwa amayi ndi ana. Mwambowo unatha cha m'ma 1960, ndipo palibe wobadwa pambuyo pake amene anadwala. Koma amene anadya kale anapitiriza kudwala mmodzimmodzi. Mu 2006 John Collinge ndi anzake analemba za odwala 11 amene anapezeka pakati pa 1996 ndi 2004, ndipo anaona kuti mwa ena nthendayo iyenera kuti inabisala zaka zoposa 50.

Kuru inasiyanso chozizwitsa. Mwa ena amene anapulumuka munapezeka PrP yosiyana pa malo amodzi okha, a nambala 127. Mu 2015 mbewa zopatsidwa PrP ya mtundu umenewu wokhawokha zinakana prion iliyonse ya anthu imene anaziyesa nayo.

Mliri umene unapha ng'ombe zochuluka

Ku Britain, mu 1986, kunatulukira nthenda imene manyuzipepala anaitcha misala ya ng'ombe. Si chiwewe ayi, chiwewe ndi vairasi ndipo chili ndi katemera. Gwero la mliriwu linali chakudya: zotsalira za nyama zophedwa ankazigaya n'kuzisakaniza m'chakudya cha ng'ombe, ndipo prion inkapyola moto wa m'fakitale ili bwinobwino. Ng'ombe zoposa 180,000 zinapezeka nayo, ndipo zoposa mamiliyoni anayi zinaphedwa pofuna kuuthetsa. Mu March 1996 boma linavomera kuti nthendayo ikuoneka kuti yalumphira kwa anthu. Anthu 178 anamwalira m'dzikomo, ambiri mwa iwo achinyamata.

Africa siili kunja kwa nkhaniyi. Mu 2018 ofufuza analengeza kuti apeza nthenda ya prion mwa ngamila za ku Ouargla ku Algeria. Phunziro la mlimi wa mbuzi ndi ng'ombe wa ku Chipoka kapena ku Khombedza n'losavuta: chiweto chodzandira kapena chofa chokha si ndiwo, ndi nkhani yoitanira alangizi a ziweto.

Wodwala wamng'ono kuposa onse

Kantchentche ka pa mango kalibe PrP, ndiye sikadwala nthendazi. Kusowa kumeneku n'kumene kumakachititsa kukhala kofunika, chifukwa kali ngati munda wosalimidwapo: chilichonse chomera n'chimene mwadzala nokha. Mu 1993 Andrea Brand ndi Norbert Perrimon anakonza njira yotchedwa GAL4-UAS, imene imalola wofufuza kuika jini ya nyama ina mwa kantchentche n'kusankha pamene igwire ntchito, kaya m'diso mokha, kaya mu ubongo monse.

Kuyesa koyamba kunagwa m'madzi. Mu 1995, mu labotale ya Prusiner, anaika PrP ya hamster, kanyama kofanana ndi mbewa, koma tintchentche tinangokhala tathanzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2006 gulu la Surachai Supattapone ku Dartmouth linaika PrP ya mbewa yokhala ndi vuto lofanana ndi limene limayambitsa nthenda ina ya kumtundu mwa anthu. Ulendo uno tintchentche tinayamba kulephera kuyenda, tinafa msanga, ndipo mu ubongo wake munaoneka tizibowo tija. Mu 2009 Pedro Fernandez-Funez ndi Diego Rincon-Limas anasonyeza kuti PrP ya hamster imapindika molakwika pang'onopang'ono kantchentche kakamakalamba, ndiponso kuti puloteni ina yotchedwa Hsp70, imene ntchito yake ndi kuwongola mapuloteni opindika, imachepetsa kuonongekako. Atafika pa PrP ya munthu, anapeza kuti ndi yaukali kuposa za nyama zina zimene anayesa: ikaikidwa m'diso la kantchentche, diso limatuluka laling'ono ndi losokonekera. Diso lotere ndi chida, chifukwa jini iliyonse imene yalibwezeretsa mwakale yasonyeza njira yoyenera kuitsata.

Mayeso otchipa kuposa onse

Ikani tintchentche mu botolo, gogodani pansi kuti tonse tigwe, kenako werengani timene takwera m'masekondi ochepa. Kathanzi kamathamangira pamwamba, kodwala ubongo kamatsalira pansi. Mayeso ake ndi omwewo.

Ku sukulu ya madokotala a ziweto ya yunivesite ya Cambridge, Alana Thackray ndi Raymond Bujdoso anapanga tintchentche tokhala ndi PrP ya nkhosa n'kudyetsa mphutsi zake chakudya chosakaniza ndi ubongo wa nkhosa za scrapie. Titakula, mphamvu yokwera inatha msanga kuposa ya tinzake. Anapezanso kuti timatha kuzindikira prion ngakhale m'magazi a nkhosa yodwala. Mu 2018 anasonyeza kuti prion imachulukanadi m'mitu ya tintchentcheto, ndipo ataibwezera kwa mbewa inadwalitsa mbewazo mofanana ndi mmene inalili poyamba. Kuyesa kotere pa mbewa kumatenga miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Pa kantchentche yankho limabwera m'masabata.

Nyama zolimba kuposa zonse

Nthawi ya mliri wa ku Britain amphaka anadwala, nyama zina za kumalo osungirako nyama zinadwalanso, koma agalu, amene ankadya nyama yomweyo, ayi. Mahatchi nawonso sanapezeke nayo, ndipo kalulu ndi wovuta kwambiri kumudwalitsa, ngati kuti nthano zija zinkanena zoona. Gulu la Fernandez-Funez litaika PrP ya nyama zitatuzi mwa tintchentche, tinakhalabe tathanzi. Kenako anayamba kusintha tizigawo ta puloteniyo kamodzikamodzi, ngati munthu wofufuza mfundo imene yagwira ukonde. Mwa galu, kachigawo kamodzi kotchedwa aspartic acid kanaoneka kuti n'kofunika kwambiri poletsa puloteni kupindika molakwika. Galu wa pa doko uja timamuthamangitsa pa thandala la usipa ali ndi chitetezo chimene mwini usipa alibe.

Wachibale wabwino pa banja loipa

Si puloteni iliyonse younjikana imene ili mdani. Kantchentche kali ndi yakeyake yotchedwa Orb2, imene imaunjikana mofanana ndi prion pa mfundo zolumikizira maselo a mu ubongo. Kausik Si wa ku Stowers Institute ku Kansas City anasonyeza mu 2012 kuti ikalephera kuunjikana, kantchentche kamaphunzira chinthu lero koma pakapita masiku awiri kaiwala. Njira imene imafafaniza zokumbukira za wodwala Creutzfeldt-Jakob ili ndi mbale wake amene amasunga zokumbukira za kantchentche.

Mwayi waukulu umene sitinautole

Tinene chilungamo: kantchentche si munthu. Chimene chapezeka mwa iko chiyenera kuyesedwanso pa mbewa, kenako pa anthu, ndipo mpaka lero palibe wodwala prion amene wachira. Ntchito yake ndi kusefa, kuti pa mafunso chikwi patsale khumi oyenera ndalama zambiri. Njira yomweyi ikugwiritsidwanso ntchito pa matenda a Alzheimer ndi Parkinson, amene nawonso amakhudzana ndi mapuloteni opindika ndipo ndi ofala kwambiri kuposa a prion.

Mayiko ena a mu Africa anayamba kale kutola mwayi umenewu. Bungwe la DrosAfrica laphunzitsa ofufuza ku Uganda, Kenya ndi Nigeria, ndipo ku Ibadan Amos Abolaji anakhazikitsa malo ophunzitsira kafukufuku wa tintchentche. Zofunika poyambira ndi mabotolo, thonje, phala ndi maikulosikopu. Ophunzira a m'mayunivesite a KUHeS, LUANAR ndi MUST sangalephere zimenezi, ndipo mphunzitsi wa sekondale ku Salima akhoza kuonetsa ana moyo wonse wa kachilomboka, kuyambira dzira mpaka kouluka, m'masabata awiri, ndi botolo limodzi ndi khoko la nthochi.

Phunziro lina silifuna ngakhale botolo. Anthu a Fore anataya abale awo kawiri, ena ndi nthenda, ena ndi mlandu wa ufiti umene sanapalamule. Kwathu kuno agogo akayamba kuiwala mayina a zidzukulu, kusochera pa mudzi pawo pomwe kapena kulankhula zosamveka, chala chimafulumira kuloza. Ubongo ndi chiwalo ngati chiwindi ndi impso, ndipo umadwala. Agogo otere apite nawo kuchipatala, asamalidwe, ndipo wina asawaponyere mwala.